A Malebulo Anamwalira Kawiri

A Malebulo anamwalira kawiri. Koyamba ndinawapha ndine, ndi pakamwa panga pomwepa, masanasana, pa khonde la loji ina ku Chitawira. Kachiwiri anapita okha chaka chatha, mwezi ngati uno, chifuwa chitawakanika, ndipo ulendo umenewo sanabwere kudzagogoda pakhomo panga. Sabata yathayi mwana wawo, a Filomena, anatiitana ku Misa yowakumbukira. Ndinakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, malo amene munthu wa ntchito ngati yanga amawakonda. Ndili pomwepo ndinaganiza zolemba izi, chifukwa ndikapanda kulemba ine adzalemba wina amene adzawasandutsa woyera. Woyera sanali. Anali nkhalamba yovuta, yosamva za mtengo, yosaseka nthabwala za anthu ena.

Ine ndine Gostino wa ku Ndirande. Ndimagulitsa ziboliboli m'tauni, kufupi ndi mahotela. Kusema sindidziwa, sompho ndimangoiona m'manja mwa anzanga. Luso langa ndi kukalambitsa. Mundipatse chiboliboli chosema dzulo, pakatha masabata atatu chidzakhala cha agogo a agogo anu. Polishi ya nsapato, utsi wa m'khitchini, kuchikwirira m'khola la nkhuku, kenako kutenga waya, kumuwotcha pa mbaula ndi kubowola timabowo ngati ta nankafumbwe. Alendo amakonda timabowo. Akationa amayamba kulankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi, ndipo munthu wolankhula motsitsa mawu sanenerera.

Dzina lawo lenileni anali a Dominiko Mukhwapa. Zaka zawo zonse za mphamvu anathera ku myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, kupukuta magalasi, kulondera, kuperekeza ana a sukulu ndi kuwakalipira akagwira. Atapuma anayamba kuyala mabuku akale pa chiguduli, pa khonde la sitolo ina pa msika wa Ndirande. Dzina la Malebulo linabwera chifukwa cha chizolowezi chimene anachoka nacho ku ntchito. Chinthu chilichonse cha m'nyumba mwawo chinali ndi kakhadi, lebulo monga amanenera ku myuziyamu. Ankadula mabokosi a tiyi, n'kulemba kuseri kwake mizere itatu: ichi n'chiyani, anachipanga kapena kuchigwiritsa ntchito ndani, chinachokera kuti. Pamene sankadziwa ankalemba kuti "sindikudziwa". Ankati mawu amenewo ndi odula kuposa onse mu myuziyamu, ndipo anthu ophunzira kwambiri ndi amene amalephera kuwagula.

Kugula buku kwa iwo kunali ngati kukafunsira mbeta. Ankayamba akuyang'ana m'manja. Mayi wina wa mandasi anafuna mulu wonse wa mabuku ong'ambika chikuto kuti azikulungira, a Malebulo anamuthamangitsa mpaka pa mjigo. Wina akapinda tsamba poyesa kuwerenga, buku ankalilanda ngati mwana amene watsinidwa. Ankanunkhiza buku n'kunena ngati ladutsa panyanja kapena langochokera m'sutikesi ya mphunzitsi wa ku Zingwangwa. Ine, amene ndinagulitsapo njovu ya miyendo itatu n'kumuuza mwini wake kuti ndi mtundu wosowa, sindinawatsitseko mtengo ngakhale kamodzi. Ndikayamba nyimbo zanga ankangotulutsa mpango n'kuyamba kupukuta magalasi a m'maso mpaka nditatopa.

Panali mabuku ena amene sankafika pa chiguduli: akuluakulu, olemera, a zithunzi za mamyuziyamu a kunja. Amenewo ankakhala kunyumba. Munthu ameneyu ankadziwa kuti mu mzinda wakuti ukalowa pakhomo lalikulu umakhotera kumanzere, kukwera masitepe, n'kupeza zoumba za ku Iguputo. Ankakuyendetsa ndi chala pa tsamba mpaka miyendo kumva kutopa. Koma iwo eni malire a dziko anawoloka kamodzi kokha, pa Muloza, kukafuna mudzi wa bambo awo kuseri kwa phiri la Mulanje. Anakapeza munda wa chinangwa. Anabwerako ndi kamwala, n'kukalembera khadi, mzere wachitatu n'kuika kuti mwina ndi pamenepo, mwina ayi.

Chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo, chimene chimayang'ana phiri la Ndirande, ndi chimene chinali myuziyamu yawo. Munali nyali ya anthu a njanji, ayironi ya makala, chitupa cha msonkho cha munthu amene sanamudziwe, chikwangwani cha ometa tsitsi chojambula mitu isanu yoyang'ana mbali imodzi, chimene ankati chikuposa zojambula zambiri za m'mabuku aja. A Filomena anakangana nawo zaka ndi zaka kuti chipindacho alowemo munthu wa lendi. "Bambo, zinyalalazi zikudya chiyani muno?" Iwo ankayankha kuti zinyalala ndi zimene zilibe khadi.

Pakhoma, pa msomali wake wokha, panali sansi. Kwa amene simunaione, ndi kathabwa kokhala ndi tizitsulo tophwatalala timene amatiliza ndi zala zazikulu. Inali ya bambo awo. Anabwera nayo wapansi kuchokera ku Mozambiki pothawa chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda, n'kuwoloka nayo Ruo ataimanga pamutu. Pofika m'minda ya tiyi anali atasinthanitsa zonse ndi chakudya, mpeni, chipewa, ngakhale malaya, kutsala sansi yokha. Pansi pa khadi lake a Malebulo anawonjezera mzere wachinayi, umene sankauika pa china chilichonse: "Mwana wake sadziwa kuiliza."

Kukhutu kwawo kunkakhala kaudzu ka tsache, monga mmene akalipentala amaikira pensulo. Tsiku lina ndinawabweretsera chigoba cha kumaso chimene ndinachikalambitsa bwino kwambiri, kuti ndione ngati ndingawapusitse. Sanachiyang'ane n'komwe kumaso. Anachotsa kaudzu kaja, kukalowetsa m'kabowo kamodzi, ndipo kanalowa chiwongokere mpaka kuima njo.

"Nankafumbwe sayenda chonchi, iwe," anatero. "Amakhotakhota ngati tinjira ta m'Ndirande muno. Kaudzu kakalowa m'bowo lake kamapinda. Koma waya wa wakuba amathamanga mowongoka, poti wakuba amakhala ndi changu."

Ndinaseka. "Madala, mzungu wake uti amene amayenda ndi tsache?"

"Ayi, palibe," anatero, n'kubwezera kaudzu kukhutu.

Tsopano ndinene za imfa yoyamba ija. Kunabwera mayi wina wochokera kutsidya kwa nyanja. Tinkangomuti Madamu. Sanali ngati alendo ena ogula mvuu ndi mipando ya mafumu. Ankalemba buku la zoimbira zimene zinayenda ndi anthu othawa kwawo, ndipo myuziyamu ya mu mzinda wakwawo inali itamulonjeza chipinda choti adzazionetsemo. Chinyanja ankachidziwa cha m'buku, chodzaza ndi ulemu. Atangotchula sansi, m'mutu mwanga munayaka getsi.

Ndinapita kwa a Malebulo ngati wokacheza. Akuwiritsa tiyi, ndinajambula sansi ija pa foni, kutsogolo, kumbuyo, ndi khadi lomwe. Chithunzi ndinapita nacho ku Bangwe kwa Che Saidi, mmisiri wosema amene sanamize munthu chibadwire, n'kuwauza kuti ndikufuna yokongoletsera pabalaza. Tizitsulo tinachokera ku masipoko a njinga. Dzimbiri linabwera ndi madzi a mchere. Zina zonse anamaliza ndi nkhuku zanga ndi waya uja. Khadi ndinakopera mawu onse pa bokosi la tiyi, dzina la bambo awo, Ruo, chibalo, ngakhale mzere wachinayi uja.

Madamu ataiona pa khonde la loji anaigwira ndi manja awiri. Anawerenga khadi kawiri, maso n'kuyamba kulengeza misozi. Kenako anafunsa funso limene ndinayenera kuliyembekezera.

"Kodi ndingathe kuwaona bambo amene analemba izi?"

Munthu wanzeru akanati ali kumudzi. Akanati akudwala, adokotala aletsa alendo. Ine ndinavula kapu, kuweramitsa mutu, n'kunena kuti anatisiya mwezi watha. Ndinati ana awo akadali pa chisoni, safuna kuonana ndi anthu, angondituma kuti sansi ipite kumene ikasungike bwino. Wakufa safunsidwa mafunso, ndinadziuza, ndipo ndinadziona wochenjera kuposa Blantyre yense. Madamu analipira osanenerera.

Ndiye anafunsanso, mwaulemu wake uja, kuti kuno anthu amatani mnzawo akaferedwa. Apa ndiye pamene ndimafuna nditabwerera n'kukadzitseka pakamwa ndi chiguduli. Ndinakhala bwino pampando n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinamufotokozera za chipepeso, kuti munthu supita chimanjamanja, umanyamula shuga, sopo, kansalu, ndipo ngati sungathe kufika umatuma munthu. Analemba zonse m'kope. Maphunziro aulere, ndikudzikumbira ndekha dzenje.

Lachinayi lotsatira, m'mawa, ndikutsuka m'kamwa pakhomo, ndinangoona a Malebulo aima pa mpanda atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Kukhwapa anapanira paketi ya shuga. Kumbuyo kwawo kunali a Filomena, chitenje atamanga m'chiuno molimba, ndipo kumbuyo kwa a Filomena kunali theka la anthu a mzere wa nyumba zathu.

"Gostino, ndabwera kudzakuuza za maliro."

"Pepani, madala. A ndani?"

"Anga."

Zinali chonchi. Tsiku limenelo Madamu ankanyamuka pa ndege ya masana. M'mamawa anatuma dalaivala wa takisi yake kuti akafufuze nyumba ya malemu a Mukhwapa ku Ndirande. Anthu anamulozera, akudabwa. Dalaivalayo anapeza a Filomena akusesa, n'kugwada, kupereka shuga, sopo, nsalu yatsopano ndi khadi la chipepeso, n'kuthamangira kukanyamula Madamu. Eni maliro anali ku Misa ya m'mawa. Pobwera anapeza mwana wawo atakhala pansi, n'kuwerenga okha uthenga wowapepesa. Pakhadipo Madamu analemba kuti banja lisadandaule, sansi ya agogo awo idzaonedwa ndi anthu ambiri, pamodzi ndi dzina lawo.

"Mwawalaula bambo anga, achimwene!" anakuwa a Filomena. "Munthu akupuma, akudya, inu mukulandilitsa chipepeso? Mukufuna muwaphe kangati?"

Ku Ndirande anthu sachedwa kusonkhana, ndipo akasonkhana sachedwa kuganiza chimodzi. Ndinamva wina akuti munthu wotchula wamoyo kuti wafa ndiye kuti wayamba kale kumukonza. Wina anafunsa kuti m'khola langa ndimakwiriramo chiyani masiku onsewa. Mayi wina anatola theka la njerwa. Msuwachi unali udakali m'kamwa mwanga, ndipo miyendo inayamba kukambirana yokha za njira ya kuseri kwa bafa.

A Malebulo sanatembenuke. Anangokweza dzanja. "Uyu ndi wanga. Ndikathana naye ndikupatsani zotsala." Ndiye anandiyang'ana. "Zoti ndafa zilibe kanthu, ndidzafa ndithu. Koma dzina la bambo anga silikagona m'galasi pamwamba pa chinthu cha m'khola la nkhuku. Chimene chalowa m'galasi sichitulukanso, iwe. Ana adzakopera m'makope, wina adzakopera kwa anawo. Vala nsapato."

Ndinati nambala ya Madamu ndili nayo, tingoimba. Anakana. Anati bodza ndinalinena pamaso, ndikalimasulanso pamaso. Anadutsa kunyumba kwawo, kulowa m'chipinda chija, n'kutuluka ndi kanthu kokulunga m'nsalu ya chipepeso ija. Ndinadziwa ndi kaumbidwe kake. Sansi inali itatsika pa msomali koyamba chiikireni, khadi lake atalimatula pakhoma ndi mpeni.

Mu minibasi anakhala pafupi ndi zenera, kanthu kaja pamiyendo, akutsokomola mwa apo ndi apo. Ine ndinkapemphera pemphero loipa: tayala liphulike, apolisi atiimitse, mafuta athe. Ndege ikangonyamuka, ndinkaganiza, nkhalamba idzakalipa mwezi umodzi basi. Tikakampeza Madamu, pali apolisi a pabwalo la ndege, pali anzanga a ziboliboli amene sadzandikhululukira poulula za waya. Ndipo ndisabise, mbali ina ya mutu wanga, imene sigona, inkayang'ana nsalu ija n'kumayerekeza kuti yeniyeniyo Madamu angaigule motani.

Pa Kameza tinatsika kuti tikwere ya ku Chileka. Panali ziwiri, ina yotsala anthu awiri, ina yopanda ngakhale ntchentche. Ndinawatsogolera ku yopanda anthuyo, ndikuti mipando yake ndi yabwino pa msana wa munthu wamkulu. Anandiyang'ana, kuyang'ana inayo imene inali itayamba kale kuyenda, n'kuyang'ana kumwamba, kumene ndege inali kutsika molunjika ku Chileka. Imeneyo ndi imene inkadzatenga Madamu.

"Wa kabaza!" anaitana.

Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, amene ankati njinga zamoto ndi mabokosi a maliro a matayala awiri, anakwera osathandizidwa. "Khala kumbuyo, undigwire. Ndikagwa udzakhala wandipha kawiri." Tinanyamuka atatu pa njinga imodzi, ine nditakumbatira maliro anga. M'manja mwanga ndinkamva nthiti zawo, ndi chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Woyendetsa anafunsa ngati achepetse liwiro. "Kodi ndakuuza kuti ndikupita ku ukwati?" anatero. Pa bampu iliyonse ankakweza sansi m'mwamba kuti isagunde.

Madamu tinampeza poimika magalimoto, dalaivala akutsitsa zikwama. Bokosi la sansi yanga Madamu analinyamula yekha pachifuwa. Atandiona anamwetulira, kuganiza kuti ndabwera kudzatsanzikana. A Malebulo anatsika, kukonza jekete, kuchotsa chipewa, n'kulankhula Chingerezi chawo cha ku myuziyamu, chosita bwino.

"Mayi, ndine malemu Dominiko Mukhwapa. Shuga ndalandira, zikomo. Nsalu ndayamba kale kugwiritsa ntchito."

Dalaivala anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda galimoto ya eni ake. Madamu anayang'ana iwo, kuyang'ana ine, nkhope n'kuyera, kenako kufiira. Wapolisi amene anaima pakhomo lolowera anayamba kubwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo, monga amachitira akanunkhiza nkhani.

A Malebulo anapempha kuti bokosi litsegulidwe pamwamba pa buti ya takisi. Anayala nsalu, kuika sansi ziwiri pamodzi. Ndinene zoona, yanga inkaoneka yakale kuposa yeniyeni. Ngakhale panthawi imeneyo kamtima kanga kananyada. Madamu ananena motsitsa kuti sakudziwanso woti amukhulupirire, poti makhadi onse awiri akunena zofanana.

"Musakhulupirire ine," anatero a Malebulo. Anachotsa kaudzu kukhutu n'kumupatsa. "Lowetsani nokha."

Analowetsa m'kabowo ka yanga. Kanalowa bwinobwino n'kuima chilili ngati mtengo wa mbendera. Anayesa kabowo kena, chimodzimodzi. Ndiye anayesa pa inayo. Kaudzu kanangolowa pang'ono n'kupinda. A Malebulo anamufotokozera za nankafumbwe ndi waya, mofatsa, ngati akuphunzitsa ana a Sitandade 5. Kenako anatenga chala chachikulu cha Madamu n'kuchiika m'mphepete mwa thabwa, pamene panali kadzenje kosalala. "Apa ndi pamene pankakhala chala cha bambo anga. Polishi sakumba."

Madamu anatembenukira kwa ine. "Chifukwa chiyani?" Anafunsa m'Chinyanja. Ine amene ndimatha kulankhula kuchokera pa Wenela mpaka ku Limbe osameza malovu, ndinangoyang'ana nsapato zanga. Wapolisi anali atafika. Anafunsa ngati pali vuto. Madamu anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona chitseko cha selo chikutseguka nacho limodzi.

"Palibe, bwana," anatero a Malebulo. "Tikukonza lebulo."

Wapolisi sanachoke, anangoima chapatali. Nthawi inali kutha, okwera ena anali atalowa. Apa Madamu anachita zimene ndinkadziwa kuti achita. Anapempha yeniyeniyo. Osati kugula, anatero, kungobwereka miyezi yochepa. Ndipo poti chinthu chotere sichiyenda chokha, iwonso adzawaitanitsa, adzakwera ndege, adzaima pambali pake n'kumafotokozera anthu. Adzawatengeranso ku mamyuziyamu ena a m'mizinda yoyandikana. Anatchula mayina awiri atatu. Onse anali a m'mabuku aja.

A Malebulo anachotsa maso pa sansi. Anayang'ana ku mpanda, kumene mchira wa ndege unkaonekera. Ndinadziwa kuti m'mutu mwawo alowa kale pakhomo lalikulu lija, akhotera kumanzere, ali pa masitepe.

"Iyi inayenda kale ulendo wake," anatero pomaliza. "Wapansi, yopanda chiphaso. Yatopa. Ijambuleni, ndi khadi lake lomwe, muike m'buku mwanu. Buku ndi limene liyende."

Madamu anajambula. Atamaliza anakankhira sansi yanga kwa ine ngati mbale ya ndiwo zowola. Koma a Malebulo anaigwira. Anati imeneyinso ndi chinthu, ili ndi amene anaipanga ndi kumene inachokera, vuto lake ndi khadi basi. Anang'amba khadi langa lija, zidutswa n'kuika m'thumba. Anapisa m'jekete, kutulutsa khadi la chipepeso, kulitembenuza, n'kulemba atatsamira pa buti:

"Sansi yatsopano. Anasema Che Saidi a ku Bangwe, mmisiri wabwino, osadziwa cholinga. Anaikalambitsa Gostino wa ku Ndirande m'khola la nkhuku, naiveka dzina la bambo anga."

"Saina," anatero.

"Madala, dzina langa lenileni?"

"Uli ndi lina lokalambitsa?"

Ndinasaina. Madamu anawerenga, ndipo kwa nthawi yoyamba anaseka, kuseka kwa munthu amene akufunanso kulira. Anatenga sansi ija ndi khadi lake, kugwira a Malebulo dzanja ndi manja awiri, n'kuthamangira pakhomo. Ine sanandiyang'anenso. Za ndalama zimene ndinabwezera Madamu asanalowe tisazikambe, mungodziwa kuti a Malebulo anabwerera pa takisi ija atakhala kutsogolo, ine ndinayenda wapansi mpaka pa Kameza.

Miyezi inayi sanandiyankhe moni. Kenako buku linafika pa positi. Tsamba lina linali ndi sansi ya bambo awo, ndi khadi la m'manja mwawo, mzere wachinayi ukuoneka bwinobwino. Tsamba loyang'anizana nalo linali ndi yanga, ili m'galasi, magetsi akuiwalira, pansi pake siginecha yanga. Choncho ine, amene sindinadutsepo malire a pa Mwanza, dzina langa lili mu myuziyamu kutsidya kwa nyanja. Anthu amavula zipewa n'kumawerenga kuti ndine wabodza.

Kuyambira pamenepo ankandiitana akakhala ndi alendo. Aphunzitsi akabwera ndi ana a sukulu, ankatsegula bukulo, kulongosola masamba awiriwo, n'kuloza pakona pamene ndaima. "Ndi ameneyo. Musamugwire." Ndinkapita ndithu. Polishi sindinasiye, ndisakunamizeni, ana anga amadya. Koma waya ndinataya, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindinaphenso munthu.

Za ulendo umene anaukana sanazitchulepo. Kamodzi kokha ndinawapeza atatsegula limodzi la mabuku akuluakulu aja, chala chili pa masitepe, osayenda. Atandiona anatseka, n'kundifunsa ngati ndabwera kudzaba chiyani.

Atamwalira zenizeni ndinapita kusiwa ndi paketi ya shuga. A Filomena anailandira, kuiyang'ana, kundiyang'ana ine, maso ali otupa. "Ulendo uno mwatsimikiza, achimwene?" Amayi amene anali pafupi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati ankalira.

Itatha Misa ya sabata yatha, a Filomena anandipatsa kiyi kuti ndikaone chipindacho asanalowemo wa lendi kumapeto a mwezi. Mabuku anapereka ku sukulu ya pafupi. Nyali, ayironi, chikwangwani cha ometa ndi zina zonse zili m'makatoni kuchipinda chogona. Sansi ili m'sutikesi yawo, yokulunga m'nsalu yomwe ija, ndipo anandiuza ndisanafunse kuti kiyi wa sutikesiyo amagona naye.

Makhadi okha ndi amene atsala, poti anawamata ndi guluu wa akalipentala ndipo akukana kuchoka. Khoma lonse ndi misomali yopanda kanthu, pansi pa uliwonse mizere itatu yonena za chinthu chimene palibe. Pamene panali sansi patsala chithunzi chake choyera pa laimu wakuda ndi utsi. Pa khonde la sitolo ku msika tsopano pali wina wotchaja mafoni, koma muno simunalowe kanthu. Dzuwa limalowa pazenera la kuphiri n'kugwera pa mpando wawo wa mlombwa, umene a Filomena akuti ndi wolemera kuusuntha. Kumsana kwake kuli khadi: mpando, anakhoma kalipentala wa ku Chilomoni, dzina sindikudziwa.

Pa mwendo wakumbuyo ndinaona timabowo titatu. Tsache linali pakona. Ndinathyola kaudzu kamodzi, kugwada pa simenti, kulowetsa. Kanangolowa pang'ono n'kupinda.